Chigaza cha mwana chikakhuthala: zimene chithunzi chimaulula

Pa chithunzi cha X-ray chojambulidwa cha m'mbali, chigaza cha mwana wathanzi wa zaka 6 chimaoneka ngati mizere iwiri yoyera yoyenda motsatana, pakati pake pali kampata kotuwa. Mzere wakunja ndi khoma lakunja la fupa. Wamkati ndi khoma limene lagundana ndi chikuto cha ubongo. Kampata kapakatiko, kamene madokotala amakatcha diploe, ndi kofanana ndi siponji, ndipo m'menemo ndi mmene mumakhala mafuta a m'mafupa opanga magazi. Fupa la mutu silikhuthala mwachisawawa. Nthawi zina kampatako ndi kamene kakula n'kukankhira khoma kunja, nthawi zina khoma lamkati ndi limene lamerera kulowera ku ubongo, nthawi zina fupa latsopano lamera pamwamba pa lakale, ndipo nthawi zina fupa lonse langouma n'kukhala ngati mwala. Chilichonse mwa zimenezi chimaloza ku matenda ake. Amene walemba pa lipoti kuti "chigaza n'chokhuthala" n'kulekera pomwepo sanamuthandize mwanayo, chifukwa sananene mbali imene yakula ndi kumene yalowera.

Khanda longobadwa kumene lilibe zigawo zitatuzi. Fupa lake ndi lopyapyala, lokhala ngati pepala limodzi, lolumikizidwa ndi misoko yofewa, liwombo lili phaphapha pamwamba. Kampata kapakati kamayamba kuoneka bwino mwana akamayandikira zaka 4, ndipo munthu wamkulu amafika pa mamilimita 5 mpaka 8 m'malo ambiri a chigaza. Ngakhale pa mutu umodzi womwewo fupa silifanana: kunkhongo ndi lochindikala, kutsogolo kwa khutu ndi lopyapyala kwambiri. N'chifukwa chake nambala imodzi yokha siingagamule mlandu. Choyenera ndi kuyerekeza kumanja ndi kumanzere, kuyerekeza ndi msinkhu wa mwanayo, komanso kuona ngati pali chithunzi chakale m'faelo yake.

Musanayambe kuganiza za matenda, tsimikizani kuti chithunzicho sichikunamizani. Mwana akapendeka mutu pojambulidwa, mbali ziwiri za chigaza sizigwerana pamodzi, ndipo mizereyo imaoneka inayi m'malo mwa iwiri. Tsitsi loluka, makamaka lothira mafuta ambiri kapena lomangidwa mikanda, limajambulika ngati timizere toimirira pamwamba pa fupa, ndipo munthu wa changu akhoza kunena kuti waona chizindikiro cha matenda a magazi pamene waona luso la mayi ake a mwanayo. Pa CT, sikani ya kompyuta yojambula mkati mwa mutu, vuto ndi lina. Makinawo amadula mutu m'magawo opingasa, ndipo akafika pamwamba penipeni, pamene chigaza chapindika, amalidula fupa mopendeka, ngati mmene mpeni umadulira chinangwa chamtsonga. Pamenepo fupa limaoneka lalikulu kuposa mmene lilili. Muziyeza pa zithunzi zoimika, za coronal kapena sagittal, molunjika kuchoka pa khoma lakunja kufika pa lamkati. Ndipo muziyeza pa bone window (kachunidwe ka chithunzi koonetsera fupa), ya m'lifupi wa 2000 mpaka 4000, osati pa window ya ubongo ya m'lifupi wa 80, imene imayeretsa fupa lonse mbuu n'kulikulitsa. Magawo a milimita 1 kapena kucheperapo ndi amene amaonetsa mkati mwa fupa.

Kuno kwathu, mwana wa chigaza chokhuthala ponseponse muyambe mwamuganizira za magazi. Selo lofiira la magazi limakhala ndi moyo masiku pafupifupi 120. Mwa mwana wa sickle cell, matenda otengera kwa makolo amene amapinditsa maselo ofiira, limatha m'masiku 10 mpaka 20. Thupi limalipira ngongoleyo pokakamiza mafuta a m'mafupa kugwira ntchito usana ndi usiku, ndipo mafutawo akachuluka amafuna malo. M'chigaza amatambasula kampata kapakati, khoma lakunja limapyapyala mpaka kuzimiririka pa chithunzi, koma khoma lamkati limakhala pomwe linali. Mutu umakulira kunja, chipumi chimatuluka, mbali ziwiri za pamwamba pa mutu zimatukumuka. Zikafika poipa, timitanda ta fupa timene timachirikiza kampatako timaima njo, molunjika kuchoka pa khoma lamkati, ndipo pa chithunzi cha m'mbali timaoneka ngati tsitsi lometedwa lomwe langoyamba kumera. Dzina lake m'mabuku ndi hair-on-end.

Pali malo amodzi amene matenda a magazi salowako, ndipo ndi mboni yabwino kwambiri. Gwirani kunkhongo kwanu, mupeza kachitunda ka fupa. M'munsi mwa kachitundako fupa lilibe mafuta ambiri opanga magazi, choncho ngakhale chigaza chonse chitatukumuka, gawo limenelo limatsala lopyapyala. Mukaona chipumi ndi pamwamba pa mutu pakhuthala koma m'munsi mwa nkhongo muli bwinobwino, mtima ukhale pa magazi. Mukaona kuti nako kwakhuthala, yang'anani kwina.

Chithunzi cha tsitsi loimirira chija chimaoneka kwambiri mwa ana a beta thalassaemia major, matenda a magazi otengera kwa makolo, ofala m'maiko ozungulira nyanja ya Mediterranean, ku Middle East, ku India, Pakistan ndi kum'mwera chakum'mawa kwa Asia. Mwa iwowa mafuta a m'mafupa amadzaza ngakhale mafupa a m'masaya, timphako ta mpweya ta m'masayamo sitikula, nsagwada yam'mwamba imatuluka ndipo mano akutsogolo amasuzumira kunja. Timphako ta pakati pa maso, ta ethmoid, timapulumuka chifukwa mulibe mafuta ofiira opanga magazi. Mwana amene amaikidwa magazi mokhazikika, mlingo wa magazi ake (Hb) osatsika pansi pa 9 g/dL, kawirikawiri safika pamenepa. Ku Malawi, Zambia ndi Mozambique mtundu umenewu ndi wosowa. Alpha thalassaemia ya mtundu wofatsa ndiyo ili mwa anthu ambiri, koma siitukumula chigaza. Chofala ndi sickle cell: pafupifupi mwana mmodzi pa ana 10 aliwonse ku Malawi ali ndi jini imodzi ya matendawa, ndipo makolo awiri otere akakumana, pa mimba iliyonse pali mwayi umodzi pa inayi woti mwana abadwe ndi matenda enieniwo. Mwa ana a sickle cell, kutambasuka kwa kampata kapakati kumaoneka kawirikawiri, koma tsitsi loimirira lenilenilo limaoneka mwa ochepa okha. Kusaliona sikutanthauza kuti mwana alibe matendawa.

Chigaza cha mwana wa sickle cell chili ndi vuto linanso loyenera kulidziwa. Maselo opindika amatseka timitsempha ta m'fupa, gawo la fupalo limafa, ndipo magazi kapena madzi amasonkhana pansi pa khungu la mutu. Mwana amabwera mutu ukupweteka, potupa pali pofewa, koma sanagwe ndipo sanamenyedwe. Nthawi zina magaziwo amasonkhananso mkati, pakati pa fupa ndi chikuto cha ubongo, n'kupanikiza ubongo. Mwana wotere akayamba kusanza kapena kuodzera mosadziwika bwino, afunika CT tsiku lomwelo. Potupapo musabayepo jekeseni kuti muone chimene chili mkati, mungalowetsemo tizilombo m'fupa lomwe lafooka kale.

Pa MRI, sikani yojambula ndi maginito, nkhani ya magazi imaoneka msanga kuposa pa X-ray. Mafuta ofiira ndi akuda pa mtundu wa zithunzi za MRI wotchedwa T1, mafuta achikasu, amene aleka kupanga magazi, ndi owala. Chigaza cha khanda chimakhala chakuda, kenako chimayamba kuwala, ndipo pofika zaka 7 ana ambiri amakhala ataonetsa kuwala m'kampata kapakati ndi pa fupa la clivus la pansi pa ubongo. Mwana wa zaka 12 amene kampata kake ndi kotambasuka ndiponso kakuda bii pa T1 ali ndi mafuta amene akana kupuma. Zikhoza kukhala sickle cell, zikhoza kukhala kuchepa kwa ayironi kwa nthawi yaitali, matenda a spherocytosis a maselo ofiira obulungira osweka msanga, kapena mtima wobadwa nawo wolakwika umene umachititsa milomo kuda, pamene thupi limapanga maselo ofiira ochuluka pofuna mpweya. Koma zikhozanso kukhala khansa ya m'magazi, ndiye chithunzi chotere chisamangolembedwa pa lipoti popanda kupempha full blood count (kuwerenga maselo a magazi) ndi kuona magazi pa galasi. Malungo obwerezabwereza ndi njoka za m'mimba zimachepetsa magazi ndithu, koma si bwino kuwanamizira malungo kuti ndiwo akhuthalitsa chigaza musanayeze sickle cell. Kumbukiraninso kuti sickling test siisiyanitsa wongotenga jini imodzi ndi wodwala. Pafunika Hb electrophoresis kapena zipangizo zoyezera msanga monga HemoTypeSC, ndipo ngati mwana waikidwa magazi m'miyezi 3 yapitayo, zotsatira zikhoza kusokoneza.

Timitanda toimirira si ta magazi okha, ndipo apa m'pofunika maso. Neuroblastoma, khansa imene imayambira kawirikawiri pamwamba pa impso mwa ana osakwana zaka 5, imakonda kufalikira ku chigaza, makamaka m'mbali mwa misoko ndi m'mafupa ozungulira maso. Nayonso imamera timitanda ta fupa, koma maonekedwe ake ndi ena. Ta magazi ndi tosalala, tofanana kutalika, tili mbali zonse ziwiri mofanana. Ta khansa tili pamalo amodzi kapena angapo, tosiyana kutalika, fupa pansi pake ladyeka ngati chimanga cholowa anankafumbwe, ndipo pa CT pali chotupa cha mnofu kunja ndi mkati mwa fupa. Misoko imatha kutambasuka chifukwa chotupacho chalowa pakati pake. Mwanayo amakhala wowonda, wolira ndi ululu wa m'mafupa, nthawi zina zikope zili zakuda ngati wamenyedwa, diso lina litatuluka. Ana oterewa amatha kutayidwa nthawi, ena akuganiziridwa kuti ndi nkhanza za kunyumba, ena akupatsidwa ayironi mwezi ndi mwezi. Sikani ya ultrasound ya pamimba imatenga mphindi zochepa, ndipo ndiyo imapeza gwero. Mwana wotere atumizidwe kumene kuli wodi ya khansa ya ana, monga ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe, osadikira kuti ayambe wachira.

Tsopano mbali inayo, pamene fupa lalowera mkati. Chimene chimakulitsa chigaza ndi ubongo: umakankha, misoko imamvera, mutu umakula kuchoka pa masentimita pafupifupi 35 pobadwa kufika pa 46 kapena 47 pa chaka chimodzi. Ubongo ukaleka kukankha, fupa limalowa m'malo otsalawo. Izi zimaoneka bwino mwa ana amene anaikidwa paipi ya shunt chifukwa cha madzi m'mutu. Mutu unali utakula kale, paipi yachotsa madzi, ubongo wabwerera, ndipo pakati pa ubongo ndi fupa patsala danga. Pakapita zaka, khoma lamkati limayala fupa latsopano muyalo pa muyalo, ndipo pa CT limaoneka la mizeremizere ngati anyezi wodulidwa pakati. Khoma lakunja silisuntha, tepi yoyezera mutu siionetsa kusintha kwenikweni, timphako ta mpweya ta pachipumi ndi kuseri kwa makutu timakula, ndipo misoko imatha kutsekeka nthawi isanakwane. Ngati zipinda za madzi za mu ubongo zaphwa mpaka kukhala ngati timing'alu, ndiye kuti paipiyo yakhala ikukoka madzi mopitirira muyeso kwa nthawi yaitali. Zimenezi n'zofunika kuzilemba, chifukwa chigaza chotere sichitambasukanso: tsiku limene paipiyo idzatsekeke, mphamvu ya madzi idzakwera msanga zipindazo zisanaoneke zokula, ndipo wowerenga chithunzi akhoza kunena kuti zonse zili bwino pamene mwana ali pangozi.

Mbali imodzi yokha ya ubongo ikawonongeka mwana ali m'mimba kapena asanakwane zaka 3, kaya ndi sitiroko, kubanika pobadwa, matenda oumitsa khosi kapena kuvulala, fupa limakhuthala mbali yokhayo. Cornelius Dyke, Leo Davidoff ndi Clement Masson anafotokoza zimenezi mu 1933 mwa odwala 9, ndipo mpaka lero zimadziwika ndi maina awo. Pa chithunzi, mbali yowonongekayo ubongo ndi wochepa, chipinda cha madzi n'chachikulu, fupa n'lokhuthala, kamphako ka pachipumi n'kakakulu kuposa kanzake, ndipo fupa la khutu la pansi pa chigaza lakwera m'mwamba. Mwanayo amagwa khunyu, dzanja ndi mwendo wa mbali inayo n'zofooka. Cholakwika chimene chimachitika ndi kuyang'ana mbali yabwinoyo, kuona kuti ndi yaikulu ndipo mzere wapakati pa ubongo wapendekera kwina, n'kunena kuti ubongo watupa. Mzerewo wakokedwa ndi mbali yochepayo, sunakankhidwe, ndipo fupa lokhuthalalo ndi umboni woti vutoli ndi lakale. Ngati mbali yomweyo ya nkhope ili ndi chibadwa chofiirira pachipumi ndi pachikope, ndipo CT ikuonetsa kashiamu wokhotakhota motsatira mapindiko a ubongo, amenewo ndi matenda a Sturge-Weber.

Funsani za mankhwala. Phenytoin, mankhwala a khunyu, akamwedwa kwa zaka zambiri kuyambira paubwana amakhuthalitsa chigaza chonse mofanana, chifukwa amasonkhezera maselo omanga fupa. Tsegulani pakamwa pa mwanayo: nkhama zimakhala zotupa, zokwirira mano, nkhope yolemera, tsitsi lomera m'mikono ndi m'masaya. Pa CT kapena MRI, cerebellum, ubongo waung'ono wa kunkhongo, umatha kuoneka wofota. Kukhuthala kwa fupako pakokha sikupha, koma ndi chizindikiro choti aunikenso mlingo kapena asinthe mankhwala, ndipo izi achite ndi dokotala, pang'onopang'ono. Kusiya mwadzidzidzi kumabweretsa khunyu losalekeza. Phenytoin ndi phenobarbitone, amene amapezeka kwambiri m'zipatala zathu, amafulumizitsanso chiwindi kuphwanya vitamini D, ndiye mwana wa khunyu amene sayenda, amangokhala m'nyumba osaona dzuwa, akhoza kukhala ndi zifukwa zitatu nthawi imodzi: ubongo wochepa, mankhwala, ndi mafupa osowa kashiamu.

Chimene chimabweretsa amayi ambiri kuchipatala ali ndi nkhawa ndi chotupa cholimba pa mutu wa khanda la miyezi iwiri kapena itatu. Nthawi zambiri chimenechi ndi cephalhaematoma youma. Pobadwa, makamaka ngati kubereka kunatenga nthawi kapena mwana anakokedwa ndi chida cha vacuum, magazi amasonkhana pakati pa fupa ndi kachikopa kamene kamakuta fupalo. Kachikopako kamamatirira pa misoko, choncho chotupacho sichiwoloka msoko. Chimakhala pa fupa limodzi, kawirikawiri cha m'mbali pamwamba pa mutu. Ichi ndicho chimasiyanitsa ndi magazi a subgaleal, osonkhana pansi pa khungu la mutu, amene amayenda mutu wonse, amawoloka misoko, ndipo amatha kupha khanda m'maola ochepa chifukwa chotaya magazi. Cephalhaematoma zambiri zimaphwa zokha m'masabata angapo kufika miyezi 3. Zina, makamaka zazikulu, zimayamba kuuma m'mphepete pakatha masabata 2 mpaka 4, ndipo kachikopa kaja kamapanga fupa lopyapyala ngati chigoba cha dzira pamwamba pa magaziwo. Mukagwira pa nthawi imeneyi, m'mphepete ndi molimba, pakati m'pofewa, ndipo zala zimakunamizani kuti fupa labonyokera mkati. Pa X-ray pamaoneka chigaza chapawiri: fupa lakale pansi, chigoba pamwamba. Sikani ya ultrasound yokhala ndi probe yosalala ya 7.5 mpaka 12 MHz imakwanira kuona zimenezi popanda cheza chilichonse. Pakapita zaka chigobacho chimalumikizana ndi fupa, pamangotsala malo okhuthala osalala, nthawi zina okhala ndi kadanga kakuda pakati kamene kamaoneka ngati chotupa kwa amene sanafunse za kubadwa kwa mwanayo. Zambiri zimasalala mutu ukamakula. Opaleshoni imaganiziridwa pa zazikulu zosintha maonekedwe a mutu kapena pamene fupa lakale lakankhidwira mkati. Kubaya, kutema mphini kapena kukanda ndi madzi otentha kumangoitana mafinya.

Mwana wokulirapo, wa zaka za kusukulu, amene chipumi, tsaya kapena m'mbali mwa diso mukukula pang'onopang'ono popanda ululu, ganizirani fibrous dysplasia. Apa jini ya GNAS inasintha m'maselo ena mwana ali m'mimba, si matenda otengera kwa makolo, ndipo m'malo mwa fupa lokhwima mumamera fupa losakhwima losakanizika ndi ulusi. CT ndiyo imalidziwa bwino: fupa latukumuka, makamaka kulowera kunja, mkati mwake ndi motuwa mosalala ngati galasi la pawindo la kubafa, ndipo malire ake ndi fupa labwino sadziwika bwino. MRI ndi imene imasokoneza, chifukwa pamenepo limaoneka la mawangamawanga, limawala akabaya mankhwala a contrast, ndipo anthu ambiri aopsezedwa kuti ali ndi khansa pamene CT ikanathetsa nkhani. Vulani mwanayo muone khungu. Mabala ofiirira aakulu a m'mphepete mokhotakhota amene sawoloka pakati pa thupi, pamodzi ndi mtsikana woyamba kusamba ali wamng'ono kwambiri, ndi matenda a McCune-Albright. Fupali likazungulira njira ya mtsempha wa diso, chithunzi chimaopsa, koma ngati mwana akuona bwino, chofunika ndi kuyeza maso mokhazikika. Kuboola fupalo mongoteteza kwachititsa kuti anthu amene maso awo anali abwino asaonenso.

Matenda a rickets, ofewetsa mafupa ndi kuchititsa matewe, amayamba ndi kufewetsa chigaza, moti mukadina kuseri kwa mutu wa khanda fupa limabonyoka n'kubwerera. Kenako fupa losakhwima limaunjikana pachipumi ndi m'mbali, mutu umakhala wa ngodya zinayi, liwombo limachedwa kutsekeka kupitirira miyezi 18 mpaka 24. Koma musajambule mutu pofuna rickets. Jambulani dzanja polumikizira mkono kapena bondo, pamene mapeto a mafupa amaoneka otambasuka, okumbika ngati chikho ndi onyenyeka, ndipo yezani alkaline phosphatase m'magazi. M'maiko a dzuwa lambiri monga Nigeria ndi South Africa zinapezeka kuti ana ambiri a matewe amasowa kashiamu m'zakudya osati dzuwa. Mwana wosiya kuyamwa n'kumangodya phala la ufa woyera ali panjira yomweyo, ndipo usipa kapena matemba osinjidwa ndi minga yake ndi gwero la kashiamu limene lili pamsika uliwonse. Chindoko chobadwa nacho nachonso chimasiya zitunda pachipumi ndi pamwamba pa mutu, mozungulira liwombo, choncho onani m'buku la sikelo ya amayi ngati anayezedwa ndi kulandira penicillin.

Gulu lotsala ndi losowa, koma limodzi mwa matenda ake silidikira. Mu osteopetrosis ya makanda, maselo ogumula fupa lakale sagwira ntchito, fupa limangounjikana osasemedwa. Kampata kapakati kamatsekeka, pansi pa chigaza pamayera mbee, ndipo pa chithunzi chakutsogolo mafupa ozungulira maso amaoneka ngati chigoba cha kumaso. Popeza mafuta a m'mafupa alibe malo, magazi amachepa, chiwindi ndi kapamba zimatupa, ndipo khandalo limafanana ndi la malungo kapena la khansa ya m'magazi. Timabowo todutsa mitsempha timapanikizika, woyamba kuvutika ndi mtsempha wa diso, moti khanda la miyezi yochepa limene maso ake akungoyendayenda osatsata nkhope ya mayi ake liyenera kuganiziridwa. X-ray imodzi ya pachifuwa imaulula: nthiti, msana ndi mikono zonse zoyera ngati choko. Chimene chimachiritsa ndi kuika maselo atsopano a mafuta a m'mafupa, ndipo maso amene afa kale sabwerera. Abale ake a matendawa ndi craniometaphyseal dysplasia, imene imakulitsa mlatho wa mphuno n'kutseka njira ya mpweya, matenda a Camurati-Engelmann a miyendo yopweteka ndi kuyenda modzandira, matenda a van Buchem amene anapezeka kwambiri m'mudzi wa Urk ku Netherlands, ndi sclerosteosis, imene odwala ake ambiri odziwika ndi a mtundu wa Afrikaner ku South Africa. Mu sclerosteosis zala zimabadwa zomatana, nkhope imapuwala mwana ali wamng'ono, makutu amagontha, ndipo chigaza chimatha kupanikiza ubongo mpaka imfa yadzidzidzi ngati sichinatsegulidwe. Impso zolephera kwa nthawi yaitali zimapangitsa chigaza kuoneka cha timadontho ngati mchere wosakaniza ndi tsabola, makoma ake osadziwikanso bwino. Matenda a Hurler amabwera ndi mutu waukulu, nkhope yolemera, maso a chifunga ndi nthiti zotambalala.

Mndandanda wautali choterewu ukhoza kukopa munthu kuti mwana aliyense wa chipumi chotuluka apite ku CT. Maganizo amenewo ndi olakwika, ndipo m'dziko limene makina a CT ndi owerengeka ndi olakwika kawiri. CT ya mutu imapereka cheza cha pafupifupi 2 mSv (muyeso wa cheza), kuyerekeza ndi pafupifupi 0.1 mSv ya X-ray ya chigaza, mwana wamng'ono nthawi zina amafunika mankhwala ogonetsa, ndipo banja limawononga ndalama za ulendo. Zoyamba ndi tepi yoyezera mutu ndi buku la kusikelo, kuti muone mmene mutu wakhala ukukulira. Kenako mafunso: anabadwa bwanji, anaikidwapo magazi kangati, manja ndi mapazi anatupapo ali khanda, amamwa mankhwala anji, ali ndi paipi m'mutu, m'banja alipo amene anafa ali wamng'ono ndi kuchepa kwa magazi. Gwirani kapamba, onani nkhama, khungu ndi miyendo, yesani ngati akuona ndi kumva. Hb, magazi pa galasi, kuyeza sickle cell, kashiamu, phosphate, alkaline phosphatase ndi creatinine zimayankha milandu yambiri mwana asanalowe m'chipinda chojambulira. Ngati X-ray ya chigaza ifunika, zithunzi ziwiri, cha m'mbali ndi chakutsogolo, zimakwana, tsitsi litamasulidwa, ndipo cha Towne, chopendeketsa kuwala madigiri 30 kulowera kumapazi, chionjezeredwe pokhapokha mukufuna kuona kunkhongo.

CT isungidwire mwana amene maso akuchepa mphamvu, makutu akugontha, nkhope yapuwala mbali imodzi, diso likutuluka, chotupa chikukula msanga kapena chikupweteka, kapenanso akusanza m'mawa ndi mutu wosaleka. Potumiza mwana wotere, pa fomu lembani msinkhu, kukula kwa mutu m'masentimita, Hb yomaliza, mankhwala amene akumwa ndi zaka zimene wawamwa, ndipo pemphani mwachindunji magawo opyapyala a bone window ofika pansi pa chigaza, kuti njira za mitsempha ya maso ndi ya makutu zioneke.